Kamoto ndi Mabelu a Pulosesa

1. Manambala osokonekera

Pa koleji ya zaumisiri imene ndikunenayi panalibe amene sankamudziwa Kamoto. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, ndipo sanalakwitse. Anali mtsikana wamfupi, woyenda ngati basi ikumusiya, koma ukangomuuza kuti "izi sizitheka" unali utadziputira wekha mavuto. Nzeru anali nazo, pamenepo tisamuchitire nsanje. Vuto lake linali khosi, pakuti linali louma koopsa.

Chaka chimenecho gulu lawo linapatsidwa ntchito ya mu keneli. Keneli ndi pulogalamu imene imakhala pansi pa mapulogalamu ena onse mu kompyuta, n'kumagawa ntchito ndi malo. Ikagwa iyo, zonse zimagwa nayo limodzi. Gululi linali ndi kompyuta imodzi yokha, yakuda, yokhala pakona pa labu pafupi ndi zenera losatseguka. Pulosesa yake, umene ndi ubongo wa kompyuta, inali ndi mitu inayi, ndipo mutu uliwonse unkagwira ntchito pawokha.

Mutu uliwonse uli ndi chowerengera chake, chimene chimawerenga malangizo amene mutuwo wachita. Chikadzaza chimaliza belu. Si belu lomveka ndi khutu ayi, koma chizindikiro chamagetsi cholamula mutu kuti usiye chilichonse, ulembe pamene unali, ubweze chowerengera pa ziro, kenako ubwerere ku ntchito. Ukasonkhanitsa zolembazo umadziwa pamene pulogalamu ikuchedwera. Kamoto ndiye analemba khodi, kutanthauza malangizo a pulogalamu, yoyankha mabelu amenewa.

Nkhaniyi inayamba kutatsala tsiku limodzi kuti kuchitike chionetsero cha ntchito za ophunzira. Kampani ina yopanga makina inali kutumiza injiniya kuti adzasankhe wophunzira wokaphunzira ntchito kumeneko. Malo anali amodzi basi. Kamoto ankawafuna malowo ndi mtima wake wonse, ndipo sankabisa.

Masana amenewo mu labu munali anthu awiri okha. Winayo anali Wamtali, mtsogoleri wa gulu, mnzake wa Kamoto kuyambira chaka choyamba. Anali mnyamata wofatsa, wa mawu ochepa, wowerama polowa pakhomo lililonse. Iye anali atalemba pulogalamu yozindikira matenda a mbewu poyang'ana zithunzi za masamba, ndipo pulogalamuyo inkatuma mitu yonse inayi nthawi imodzi.

"Iwe Kamoto, tabwera udzaone malodza," anatero Wamtali. "Khodi yako ikuti pulogalamu yanga ikuchedwera pa mzere umene kulibe n'komwe."

"Wawerenga molakwa. Pukuta m'maso."

"Maso anga ali bwinobwino. Bwera."

Kamoto anakoka mpando n'kuyang'anitsitsa pa sikirini. Anayesa ndi mutu umodzi, manambala anatuluka oyera. Anayesa ndi mitu inayi, anatuluka opiringizana ngati ulusi woseweretsa mphaka. Sanachedwe kuona chifukwa chake. Mitu yonse inkalemba m'kabokosi kamodzi ka mu memori, malo amene kompyuta imasungako zinthu ikamagwira ntchito, ndipo mabelu awiri akalira pamodzi, mutu wina unkalemba pamwamba pa zolemba za unzake.

"Asa! Kanthu kakang'ono chonchi?" anatero Kamoto. "Tandilowetsa, ndikonze pompano."

"Khodi ndi yomata. Waiwala?"

Pa kolejipo panali mwambo wotere: chionetsero chikayandikira, khodi yonse ya gulu inkamatidwa. Ikamatidwa panalibe wosintha ngakhale kadontho, ndipo mawu achinsinsi olowera ankakhala ndi mtsogoleri yekha.

"Ndiye tiye kwa a Ndevu," anatero Kamoto, ali kale pakhomo.

2. Chenjezo la a Ndevu

A Ndevu anali mphunzitsi wawo, bambo wachikulire wa ndevu zoyera zofika pa kolala. Dzinali linali la kumbali, pamaso pawo aliyense ankati "aphunzitsi". Mu ofesi mwawo munali zidutswa za makompyuta akufa mpaka pa mipando ya alendo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Ndingoikapo loko, aphunzitsi," anamaliza Kamoto. "Mutu umodzi uzilowa m'kabokosi, inayo izidikira panja."

"Loko m'kati mwa belu?" A Ndevu anavula magalasi. "Chotsa zinthu pampandopo ukhale pansi, mwana wanga. Belu ili silili ngati ena aja amene ungawauze kuti ayambe adikira. Limalira nthawi imene lafuna, ndipo mutu sungalikane. Tsono taganiza. Mutu wachiwiri watenga loko kuti uwerenge za m'kabokosi. Usanabweze, belu lake lalira. Wasiya zonse, wathamangira kukayankha, wapeza kabokosi n'kotseka. Uyamba kudikira. Ukudikira ndani? Ukudzidikira wokha, pakuti kiyi ili m'thumba mwake momwe. Mitu inayo ibwera, iima pamzere, ndipo kompyuta yonse iuma gwa. M'kati mwa belu sitidikira munthu. Timalowa, timalemba, timatuluka."

Kamoto analuma mlomo wam'munsi. Kenako maso ake anawala.

"Ndiye mutu uliwonse ukhale ndi kabokosi kake. Palibe kulimbirana, palibenso loko."

"Eya! Njira yake ndi imeneyo, ndipo waipeza wekha," anatero a Ndevu akumwetulira. "Tidzaichita sabata yamawa."

"Sabata yamawa? Chionetsero ndi mawa!"

"Ndikudziwa. Mawa uonetsa ndi mutu umodzi. Uimirira pamaso pa mlendo n'kunena kuti ndi mutu umodzi zikuyenda, ndi mitu inayi wapeza vuto, chifukwa chake ndi ichi, mankhwala ake ndi awa. Injiniya weniweni akamva zimenezo amakupatsa ulemu. Sitimata khodi chifukwa choti ndine nkhalamba yokonda malamulo ayi. Khodi ya mu keneli yolembedwa lero imakhala isanaonetse khalidwe lake. Umaiyesa poyatsa, umaiyesa ikuyenda, umaiyesa pozimitsa, n'kubwerezabwereza mpaka utatopa. Ndipo pozimitsa m'pamene pagona nkhani. Mutu sungatontholetse chowerengera cha unzake. Uyenera kutumiza uthenga ku mutu uliwonse, udikire mpaka yonse iyankhe kuti yatonthola, ndiyeno ubweze malo a mu memori. Komanso kumbukira kuti kompyuta ija si yako wekha. Muli thukuta la anzako."

Mawu abwino ndithu, koma anagwera pa mwala. Kamoto anali atasiya kumvetsera pomwe anamva zoti "mutu umodzi". Zotsalazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

"Aphunzitsi, mukufuna ndikaime pamaso pa anthu n'kunena kuti ndalephera?"

"Ndikufuna ukanene zoona."

"Zoona n'zakuti ndingathe kukonza lero lomwe. Mukundimanga manja ndinu."

"Ndakumanga, inde, ndipo sindikumasula."

Kamoto anaimirira mwamphamvu moti mpando unagunda kabati.

"Mutu umodzi angaonetse aliyense, ngakhale mwana wa chaka choyamba. Ine sindinabwere kuno kudzaonetsa theka la ntchito."

Wamtali anamugwira pa mkono kuti atuluke mwaulemu, koma Kamoto anauchotsa mkonowo n'kutuluka yekha.

3. Mawu a amayi

M'mawa mwake Kamoto anapeza mayi ake akumusitira bulauzi yoyera pa tebulo la pabalaza. Mayiwo anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kuimika simbi.

"Kuyambira dzulo sunadye bwino, ndipo ukuyendayenda m'nyumba muno ngati wina wakulanda kanthu," anatero. "Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndi imene unavala uli wamng'ono, tsiku lija unakana kutsika padenga mpaka tinakaitana malume ako. Za makompyuta zakozo ine sindizidziwa, koma iwe ndimakudziwa. Ukangoona kuti uli pa choona, umasiya kuona anthu. Aliyense wokuletsa umamuyesa mdani. Mwana wanga, munthu akhoza kulondola pa mfundo koma n'kulakwa pa kachitidwe. Ngati aphunzitsi ako akuletsa chinthu, kangana nawo maso ndi maso, ufuule ngati ukufuna, koma usakachite kumbuyo kwawo. Ndipo chilichonse chimene ungachite lero, usakwere pamsana pa mnzako."

"Amayi inunso! Mukulankhula ngati ndapha munthu."

"Sunaphe. N'chifukwa chake ndikulankhula tsopano."

Kamoto anavala bulauziyo ikadali yotentha. Anatsanzika ndi mawu amodzi n'kutuluka.

4. Mpando wa Wamtali

Atafika ku labu anapeza Wamtali atalowa kale mu kompyuta, akuona ngati zithunzi zake zonse zilipo. Asanapatsane moni bwinobwino, mlonda wa pa koleji anasuzumira pakhomo.

"Achimwene aatali inu, ku holo akukufunani. Nsalu yolandirira alendo ikufuna munthu wofika kumwamba."

Wamtali anaseka n'kuimirira. "Undiyang'anire, Kamoto. Ndikubwera."

Anatuluka osatseka kanthu. Sikirini inali yoyaka, khomo la khodi lili pululu.

Abale, ndikanakonda kunena kuti Kamoto analimbana ndi mtima wake, koma ndinganame. Mapazi a mnzake asanazilale n'komwe, iye anali atakhala kale pampando. Zala zinayamba kuthamanga pa kiyibodi. Anachotsa kabokosi kamodzi kaja. Analemba kuti kuyeza ntchito ya pulosesa kukayamba, keneli izipereka timabokosi tinayi, mutu uliwonse kake. Analembanso kuti kuyeza kukatha, timabokosito tizibwezedwa kuti malowo agwire ntchito zina. Khodi inali yaukhondo, yosiririka, ndipo ndikuvomereza kuti si ophunzira ambiri akanailemba.

Anaiyatsa. Mitu inayi inayamba ntchito, mabelu n'kumalira, manambala n'kumatsika m'mizere inayi yoongoka.

"Ndinanena ine!" Kamoto anamenya tebulo ndi chikhatho. "Sabata yamawa ya chiyani?"

Nthawi yomweyo anamva mapazi m'khonde. Sanaimitse kuyezako monga mwa dongosolo lake. Anangodina batani la magetsi mpaka kompyuta yonse inazima, n'kudumpha pampando.

"Bwanji wazimitsa?" anafunsa Wamtali polowa, manja ali fumbi lokhalokha.

"Si tiyenera kuinyamula kupita ku holo?"

"Zoonadi. Wandithandiza, mnzanga."

Kamoto anangowerama n'kuyamba kuzula mawaya.

5. Chionetsero

Holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala aphunzitsi, ndipo pakati pawo panali mlendo uja, mayi injiniya wa tsitsi lalifupi, wosaseka wamba. Gulu la Kamoto litaitanidwa, a Ndevu analengeza kuti ayamba ndi Kamoto, kenako Wamtali atsatire pa kompyuta yomweyo.

Kamoto anaima chilili, mutu uli m'mwamba.

"Ndionetsa kuyeza ntchito ya pulosesa," anatero. "Ndipo ndionetsa ndi mitu yonse inayi."

A Ndevu anadzutsa mutu ngati aponda minga. Pa nsalu yoonetserapo panabwera mizere inayi ya manambala, yoyera, yosasemphana ngakhale pamodzi. Ophunzira anaomba m'manja, ena mpaka kuimba likhweru. Kamoto anamva kukoma mpaka kumapazi.

Mayi injiniya anawerama patsogolo. "Loko waika pati?"

"Palibe loko, mayi. Mutu uliwonse uli ndi kabokosi kake."

"Wachita bwino kwambiri. Tsopano imitsa kuyezako, timupatse mpata mnzako."

Kamoto analemba lamulo loimitsa n'kudina. Lamulolo linagwera pa mutu woyamba, ndipo mutu woyamba unatontholetsa chowerengera chake chokha. Mu khodi yakale zinali chomwechonso, koma sizinkaoneka, pakuti kabokosi kakale kaja sikankabwezedwa, ndipo mabelu otsala ankangolembamo osapweteka munthu. Lero timabokosi tonse tinayi tinabwezedwa. Keneli inatenga malowo n'kuwapereka ku gawo lolemba mu disiki, mosungira ntchito zonse za gululo. Mitu itatu ija sinauzidwe kanthu. Mabelu ake anapitiriza kulira, iyo n'kumalemba m'malo amene sanalinso ake, zolembazo n'kumakagwera mu disiki.

Sikirini inauma. Kenako inadzaza ndi mawu oyera othamanga, kenako inada bii.

Wamtali anathamangira kutsogolo n'kuyatsanso kompyutayo. Inayaka, inafufuza disiki, n'kunena kuti siikutha kuiwerenga. Anayesanso, yankho linali lomwelo.

A Ndevu anaimirira pang'onopang'ono.

"Khodi imeneyi si imene tinamata," anatero. "Mtsogoleri, mawu achinsinsi anali ndi ndani?"

"Ndi ine, aphunzitsi."

"Unapatsa ndani?"

"Sindinapatse munthu."

"Ndiye wasintha ndiwe?"

Wamtali anayang'ana Kamoto kamodzi, n'kugwetsa nkhope pansi. Sanatchule dzina lililonse.

"Musiyeni!" Mawu a Kamoto anamveka mpaka kumbuyo kwa holo. "Ndine ndasintha. Anapita kukapachika nsalu, ine ndinakhala pampando wake. Iye sakudziwa kanthu. Koma khodi yanga inayenda! Nonse mwaona ndi maso anu kuti inayenda!"

"Inayendadi," anatero mayi injiniya mofatsa. "Unaiyesa pozimitsa?"

"Ayi."

"Nanga iwe mnyamata, ntchito yako ili kwina?"

"Ndili ndi kope yakale, mayi," anayankha Wamtali ndi mawu otsika. "Zonse zimene ndinafuna kuonetsa zili mu disikiyo. Zithunzi ndi zambiri, sizikanakwana pena."

Mayiwo anatola chikwama chawo.

"Ndilankhule mosabisa. Mtsikana iwe, nzeru ya timabokosi tinayi si ya mwana. Unalakwa kwambiri, koma ndaona mutu wako, ndipo dzina lako ndikaliganizira. Za mnyamatayu sindingaganize kanthu, poti ntchito yake sindinaione."

6. Pa malo oimika magalimoto

Anthu atabalalika, Kamoto anamupeza Wamtali m'khonde atatsamira khoma. Anayesa kuyamba kulankhula, koma mnzakeyo anakweza dzanja.

"Zithunzi zija ndinazijambula ndikuyendayenda m'minda chaka chonse," anatero Wamtali. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri Kamoto. "Ukanandipempha ndikanakana. Unadziwa zimenezo, n'chifukwa chake sunapemphe. Zabwino zonse ku kampani."

Anachoka osacheuka. Kwa nthawi yoyamba pa kolejipo, Kamoto anachita manyazi enieni.

A Ndevu anatuluka m'holo atanyamula kompyuta yakuda ija m'manja mwawo.

"Aphunzitsi, disikiyo ingathe kupulumuka," anatero Kamoto atawatsekera njira. "Zolembedwa molakwika sizingakhale paliponse. Ndipatseni, ndiyese."

"Mwina ingapulumuke, koma osati ndi manja ako," anayankha a Ndevu. "Tamvera, mwana wanga. Nkhaniyi ipita ku komiti ya mwambo, ndipo mupita awiri, iwe chifukwa chomatula, mnzako chifukwa chosiya khomo lotsegula. Kufikira tsiku limenelo mu labu usapondemo. Disiki yovulala chonchi ukaiyatsa mwachisawawa umaimaliza. Imafuna zida zokopera zimene ife pano tilibe, ndipo imafuna munthu wodekha. Liwiro lako taliona lero. Pita kunyumba ukakhale pansi."

"Zida zimenezo zili kuti?"

"Ku makampani akuluakulu. Ndati pita kunyumba."

Kodi mukuganiza kuti anapita kunyumba? Kamoto ameneyu? Anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, kutsika masitepe awiriawiri, kudutsa pa kapinga poletsedwa, mlonda akumukuwira kumbuyo. Galimoto ya mayi injiniya inali itayamba kale kubwerera m'mbuyo. Kamoto anaima pambali pake n'kugogoda pa galasi ndi zala zonse.

Galimoto inaima, galasi linatsika.

"Ndanena kale kuti dzina lako ndikaliganizira," anatero mayiwo. "Ukufunanso chiyani?"

"Ku kampani kwanu muli ndi zida zopulumutsira disiki?"

"Tili nazo."

"Ndikupempha mutithandize kutulutsa ntchito ya mnzanga, ndipo mudzabwerenso mudzaione. Ndi yabwino, mayi. Ndi yabwino kuposa yanga."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukudziwa chimene ukupempha? Sindingathandize kukonza zimene waononga, uku ndikukuika pa mpikisano ndi munthu amene wamuonongera. Ndikavomera, dzina lako ndilichotsa. Malo aja uwaiwale."

Kamoto anali akupuma mwawefuwefu. Misozi inali itafika m'maso, koma anaikaniza kutsika. Anadzutsa chibwano monga mwa khalidwe lake.

"Lichotseni."

Mayi injiniya anazimitsa injini n'kutsegula chitseko.

"Chabwino. Ndalichotsa. Tsopano chatsala n'chovuta kuposa pamenepa. Disikiyo ndi ya koleji, ntchitoyo ndi ya mnyamata uja, ndipo ine sindikhudza kanthu popanda awiriwo kuvomera. Aphunzitsi ako ndikalankhula nawo ndine. Mnzakoyo ukamubweretsa ndiwe."

Kamoto anacheuka. Kutali, kupitirira geti la koleji, anaona mutu wa Wamtali pamwamba pa mitu ya anthu ena pa siteji ya basi. Basi inali itaima kale, ndipo anthu anali atayamba kukwera.